Wokamulankhulira Nachisale

Kalekale, koma osati kale lenileni pakuti zipatala zinalipo, kunali mayi wina katswiri wa chimtali, dzina lake Nachisale. Bondo litayamba kumuwawa, anthu anati waponda mankhwala. Madokotala anapeza khansa ya m'mafupa, ya mtundu wosowa, ndipo anati mwendo uchoke.

Mudzi wonse unakana, amayi ake patsogolo. Koma mlongo wake Lingisoni, mwinimbumba, anamvera wodwalayo nasayina. Mwendo anakauika kumanda, ndipo adzukulu, mwa nzeru zawo, anasiya malo pambali pake.

"Mwendowo wapita wokha," anatero Nachisale atamva. "Sindinautume kukandigwirira malo."

Chovuta chake, kuyambira tsikulo Lingisoni sankatha kumuyang'ana kumaso. Akabwera kudzazonda ankathera pakhonde.

Kenako kunabwera mankhwala a m'diripi, othothola tsitsi ndi kusanzitsa. Amayi ake aja, Nangondo, ndiwo ankagona pansi pa bedi miyezi yonseyo, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala. Koma pakamwa pawo sipanasinthe. Tsiku ndi tsiku ankati mwana wawo wazunzika mokwanira, abwerere kumudzi.

Patapita chaka, Nachisale anayamba kugwa ndi kuiwala mayina a ana ake. Abale anati ndi mizimu, nakamusiya kwa mneneri. Mwamuna wake Dafuleni, mkamwini wopanda mawu pamudzipo, ndiye anaona kuti ndodo yoyendera ikumapulumuka m'dzanja lamanja la mkazi wakeyo. Anakamutenga dzuwa likuswa mtengo, apongozi akumutukwana, namukweza pa njinga mpaka kuchipatala. Khansa ija inali itafika mu ubongo. Komatu Dafuleni anali wamtima wofewa. Mkazi wake akangobuula, iye misozi chuchuchu, n'kumapempha anamwino kuti amusiye.

Madokotala anati chotupa cha mu ubongocho chingakachotsedwe kunja kwa dziko, zotsala n'kuwotcha ndi makina. Anamuchenjeza kuti mwina akadzuka osalankhula, ndipo womudikirira ndiye akanene ngati chithandizo chipitirire. M'ndege munali malo a womudikirira mmodzi yekha.

Mantha anamugwira Nachisale, tisanamizane, koma anawaitana onse atatu.

"Ine ndikupita kunkhondo, sindikutsanzika," anatero. "Ndikufuna munthu woti pakamwa panga pakatsekeka, akanene zanga, osati zake."

Onse atatu anaimirira.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, weruzani. Nachisale atenge ndani: mlongo wolimba mtima posayina koma wothawa bedi, mayi osachoka pabedi koma okana mankhwala, kapena mwamuna wodziwa thupi lake koma wosapirira kubuula kwake?