Adiresi ya Malemu Katsekera

Kalekale, ngakhale si kale kwenikweni pakuti intaneti inali itafika kale ku Ntcheu, kunali bambo wina dzina lawo a Katsekera. Bambowa anali ndi ntchito yomwe anadzipatsa okha: ankasunga m'kope maina a anthu a magazi osowa, aja amapezeka mwa munthu mmodzi pa khamu lalikulu. Chipatala chikasowa magazi otero chinkawalembera imelo, iwo n'kuyamba kusaka woti akapereke. Adiresi yawo anaisindikiza pa mapepala, n'kukawamata m'zipatala zing'onozing'ono mpaka kumalire.

Anali ndi ana atatu: Lingalireni woyamba, Fatsani wachiwiri, ndi Ndaziona mzime. Ndaziona ndiye ankasamalira webusaiti ya ntchitoyi pa seva, kompyuta yaikulu yosunga mawebusaiti ndi maimelo, ndipo ankadziwa chinthu chimene ena sankachilabadira. Adiresi ya dzina la bambo ake inalibe bokosi lakelake. Inali yolozera chabe. Kalata ikafika pa iyo inkangodutsa, kupita kumene Ndaziona wailozera, ndipo zaka zonsezo inkaloza ku foni ya bambo akewo.

A Katsekera anamwalira mvula itangoyamba. Foni inatsala ndi akazi awo, ndipo sinasiye kulira. Ngakhale otsatsa malonda ankayamba ndi kupereka moni kwa malemu, kuwafunira tsiku labwino. Tsiku lina mayiwo anaitana Fatsani ndi Ndaziona pakhonde.

"Ndaziona mwanawe, bambo ako tinawaika m'manda, koma dzina lawo likundiitana tsiku ndi tsiku. Kafufute adiresi ija. Asiye apume, nanenso ndipume."

"Akunena zoona amayi," anatero Fatsani. "Ntchitoyi inali ya bambo, yapita nawo."

"Mawa ndifufuta, amayi," anayankha Ndaziona.

M'mawa mwake anatsegula tsamba la seva. Pambali pa dzina la bambo ake panali mabatani awiri, lofufutira ndi losinthira. Anadina lofufutira, kompyuta n'kumufunsa ngati watsimikiza. Pamenepo anakumbukira mapepala aja, omwe anali akadali pa makoma a zipatala zomwe iye sanafikeko. Adiresi ikafufutidwa, kalata imabwerera kwa mwini wake ndi mawu akuti munthu wotere kulibe. Nanga woilembayo akhala namwino amene ali ndi wodwala pa bedi? Ndaziona anabweza dzanja. Anadina losinthira, n'kuchotsapo foni ya bambo ake, n'kulembapo adiresi ya Fatsani, pakuti ndiye ankayenda ndi malemu ndipo anthu a m'kope muja ankawadziwa. Atafika kunyumba, amayi ake anamuyang'ana.

"Ndafufuta, amayi."

Foni inakhaladi chete, ndipo mayiwo anayambanso kupita ku kwaya.

Sipanathe sabata Fatsani anamupeza Ndaziona kuseri kwa nyumba.

"Iwe wamakompyuta, n'chifukwa chiyani anthu ayamba kunditcha a Katsekera aakulu? Wina akundigulitsa mankhwala a dazi."

"Achimwene, chonde musawauze amayi."

"Amayi wawanamiza iwe, katundu wandisenzetsa ine. Sukulu yako yonse ija anakuphunzitsa zimenezi?"

Anadandaula choncho, koma kalatazo ankaziwerenga. Ankawerenga zonse, ngakhale zija foni imataya yokha ku zinyalala, pakuti sankatha kudutsa dzina la bambo ake osatsegula. Miyezi isanu inatha osapeza chanzeru. Ndiye Lachiwiri lina, ku zinyalala komweko, anapeza kalata ya mizere inayi. Namwino wina wakumalire anali ndi mayi woyembekezera, Nankhoma, yemwe amafunika opareshoni Lachisanu ku chipatala chachikulu, koma magazi a mtundu wake sankapezeka. Nambala ya foni pa pepala la pakhoma inali itafufutika ndi dzuwa. Chomwe chinkawerengeka ndi adiresi yokha. Fatsani anasiya ntchito yake ya ukalipentala, n'kutenga kope la malemu. Anaimbira anthu khumi ndi mmodzi. Ena anapita ku Joni, wina ankadwala, wina anali ndi pakati, ena nambala sizinkalowa. Pa tsamba lomaliza anapeza dzina lokhwatchidwa ndi mzere umodzi: Lingalireni.

Lingalireni anali ndi kashopu ku Balaka. Ali mtsikana, bambo ake anamukakamiza kukapereka magazi, iye n'kukomoka pamaso pa anthu, ndipo analumbira kuti jakisoni wa zimenezo sadzamulowanso. Nkhaniyi inawadanitsa, moti bambowo anamwalira awiriwa asanakhalepo pansi kukambirana. Fatsani atamuimbira, Lingalireni anafunsa:

"Ukundifuna ine, kapena magazi anga? Bambo nawonso ankayamba ndi moni wabwino chonchi."

Anadula foni. Koma kutacha anatseka shopu, n'kukwera minibasi osauza aliyense. Anapereka magaziwo, anakomokanso monga kale, ndipo atatsitsimuka anangofunsa kuti, "Akwana?"

Nankhoma anabereka mwana wamkazi, ndipo anachira.

Patapita masabata atatu, Nankhoma ndi amuna ake, a Sandalamu, anafika kwa amayi a ana aja atanyamula nkhuku. Ana onse atatu analipo. Atalonjerana, a Sandalamu anavula chipewa.

"Mayi, mwanayu watuluka chikuta, koma dzina alibe. Abale atikakamiza, ife takana. Tinagwirizana kuti atenge dzina la amene anapulumutsa amayi ake. Koma tamva kuti panyumba pano anthu ake ndi angapo, pomwe dzina tikufuna limodzi."

"Palibe chovuta apa," anatero Lingalireni. "Magazi akuyenda mwa mayiwa ndi anga."

"Mukanadziwira kuti, achemwali, inu muli ku Balaka kugulitsa sopo? Kalata inali ku zinyalala, ndinakaitola ndine," anatero Fatsani.

Amayi awo anatembenuka pang'onopang'ono. "Kalata yake iti? Inafikira pa adiresi ya ndani?"

Fatsani anayang'ana pansi. Ndaziona anayang'ana amayi ake. Akanatha kukhala chete, achimwene ake n'kupeka yankho, dzina n'kupita kwa wina, amayi ake n'kupitiriza kumukhulupirira. Koma anagwada.

"Ya bambo, amayi. Sindinafufute. Ndinangoilozera kwa achimwene."

"Unandiyang'ana m'maso, n'kunena kuti wafufuta."

"Inde, amayi."

"Ndipo iwe Fatsani umadziwa, miyezi yonseyi ukudya m'nyumba muno."

Mayiwo anatambasula manja, Nankhoma n'kuwapatsa khandalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, likugona, kadzanja katafumbata nsonga ya chitenje.

"Mwana wanga akanandimvera, kamunthu aka bwenzi kalibe amake," anatero ndi mawu otsika. "Ndikudziwa zimenezo. Koma kodi ndikapereke kwa mwana wa eni dzina la munthu amene ananamiza mayi ake ali pa maliro?"

A Sandalamu anapempha kuti mayiwo ndiwo asankhe, pakuti ana awo amawadziwa ndi iwowo. Mayiwo anayang'ana Lingalireni, anayang'ana Fatsani, anayang'ana Ndaziona yemwe anali chigwadire. Kenako anabweza mwanayo kwa amake osatchula dzina.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mwana uja akudikirabe. Lingalireni anapereka magazi a m'thupi mwake, ataphwanya lumbiro lake, koma poyamba anadula foni. Fatsani anawerenga kalata zomwe aliyense akanazitaya, koma ndiye ananena kuti ntchitoyo yapita ndi malemu. Ndaziona anangosintha mzere umodzi pa seva, ndipo kuti atero ananamiza amayi ake. Mwa atatuwa, mwanayu atchedwe dzina la ndani?