Lamulo Limodzi la Zidule

Mtsikana wina ankasokerera batani pa malaya a achimwene ake pang'onopang'ono, uku akuponya diso pa kompyuta imene inali pathebulo lodyera. Ofesi yawo inali yomweyo. Awiriwa ankayala masamba a mabuku pa kompyutapo asanapite kosindikiza, ndipo ntchito yaikulu yoyamba inali itawapeza: buku la kafukufuku wa anamwino, limene mutu uliwonse unkayamba ndi chidule chake.

Achimwenewo ankakonza chidule chilichonse pachokha, kuchepetsa zilembo, kuzipendeketsa, kulowetsa mizere m'kati. Njira ina ankaidziwa bwino, yolemba lamulo limodzi m'kompyuta loti zidule zonse zizitsatira, monga njerwa zitsatira chikombole. Koma ankati imeneyo imadya nthawi.

"Dzanja langali ndi makina," ankatero akudziguguda pachifuwa.

Mlongo wawoyo analuma ulusi, n'kuika malayawo pambali.

Buku litatha, mkonzi wake anaimba foni. "Mwagwira ntchito, koma zilembo zopendekerazo zikuwawitsa maso. Ziwongoleni, muzikulitseko pang'ono."

Achimwene anayambiranso, tsamba ndi tsamba, thukuta lili kamukamu. Zina anaziphonya. Buku linatuluka lamawangamawanga ngati nkhanga: zidule zina zowongoka, zina zopendekera, china chonenepa ngati chikwangwani cha pamsewu.

"Kodi munapatsa mwana kuti aziseweretsa?" anakalipa mkonzi. "Likabweranso chonchi mawa, ndipereka kwa ena."

Achimwene anagwira tsaya. Kenako anakoka mpando, nabwerera pa tsamba loyamba.

Mtsikanayo anaimirira. Chibadwire anali asanawatsutsepo. Koma anawagwira mkono.

"Achimwene, kachitatu ayi. Tilembe lamulo limodzi, tilipatse dzina, chidule chilichonse chizingoitana dzinalo. Mkonzi akasinthanso maganizo, tidzakhudza malo amodzi, zonse n'kusintha."

"Nthawi yake ili kuti, iwe?"

"Nanga imene yapita kawiriyi? Inu lembani lamulolo, paja mumalitha. Ine ndiziika dzinalo pa zidule. Ntchitoyi ndi yanganso, sindifuna itipulumuke."

Anamuyang'ana ngati mlendo, kenako anamusunthira mpando.

Dzuwa likupendeka, lamulo litalembedwa ndipo dzina litaikidwa pa zidule zonse, achimwene anasintha mzere umodzi mu lamulolo. Zidule zonse zinawongoka nthawi imodzi, zofanana ngati mano a chipeso. Anapumira m'mwamba, naseka.

"Kani pakamwa pakopo pamakhala mawu?"

"Alipo, achimwene," anayankha chapansipansi. "Ndipo otsala ndi awa: kuthamanga si kufika."