Ufa wa Yotamu Chikhasu

Akulu ali ndi mawu achidule akuti mlandu suola. Ndawerenga mabuku angapo a miyambi, ndipo palibe limene limatchula munthu woyamba kunena mawuwa. Kwathu ku Mtalanje, kumene anthu amalima mpunga wamthirira, amati anachokera pa nkhani ya Yotamu Chikhasu. Sindingalumbire, ana inu, koma ndikufotokozerani monga ndinamvera, popanda kuwonjezera.

M'sikimu ya mpunga madzi amagawidwa ndi masiku. Lolemba ndi la awa, Lachiwiri ndi la awo. Lachinayi lina, lomwe linali tsiku la mlimi wina dzina lake Zakeyu Mbalame, Yotamu anatseka ngalande ndi matope kuti madzi alowe m'munda mwake. Zakeyu atapita kukatsegula, Yotamu anamutema ndi chikwanje. Kuchipatala anapulumutsa moyo wake, koma dzanja lamanja analidulira m'chigongono.

Khoti linapeza Yotamu wolakwa, n'kumulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi zinayi. Anakhalako miyezi inayi yokha. Loya wake anachita apilo, ndiko kupempha bwalo lalikulu kuti liunikenso chigamulo, ndipo anapempha kuti Yotamu adikire apiloyo ali kunyumba pa belo. Bwalo linavomera, n'kumuuza kuti azikasayina kupolisi kawiri pa mwezi. Lamulo limalola zimenezi nthawi zina, ndipo ine sindilidzudzula, pakuti oweruza nawo ndi anthu, amalakwitsa. Koma belo si kupambana mlandu. Ndi chingwe chachitali chomangira mbuzi: imadya patali ndithu, koma chikhomo chilipo.

Palibe amene anafotokozera Zakeyu ndi mkazi wake Nachisale zonsezi. Anangoona m'mawa wina Yotamu akudutsa pa njinga, akuliza belu.

Nyengo za mvula zinadutsa zitatu, apilo osaitanidwa. Zakeyu ankaphunzira kugwira khasu ndi dzanja lamanzere, pamene Nachisale ankawokera mpunga yekha m'matope. Minda yawo inali yoyandikana ndi ya Yotamu, choncho ankakumana pamzere pafupifupi tsiku lililonse.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" ankatero Yotamu. "Moni wa dzanja lamanzere ndi mwano, ndiye tingowomba m'manja. Aa, pepani, ndaiwala kuti kumafuna manja awiri."

Anthu ena ankaseka. Ndimachita manyazi kulemba zimenezi, koma ankaseka.

M'chaka chachitatu kunabwera chisankho cha wapampando wa sikimu, munthu amene amagawa masiku a madzi. Yotamu anati aimira. Mlimi wina atafunsa za mlandu uja, amalume ake a Yotamu, a Fanuwelo, anapukusa mutu.

"Zaka zitatu, anthu inu! Ngakhale mtanda wa pamanda umagwa. Mlanduwo unaola kalekale."

Kuti onse akhulupirire, a Fanuwelo anakonza zochita mwambo. Kwathu munthu akapambana mlandu, abale ake amamuthira ufa kumutu, kusonyeza kuti wayera. Loweruka masana anamuthira Yotamu ufa mpaka m'nsidze, n'kuyenda naye m'mudzi ndi nthungululu. Njira zinalipo zambiri, koma iwo anasankha yodutsa pakhomo pa Zakeyu.

"Nachisale, tulukani mudzaone ufa!" anakuwa mlongo wake wa Yotamu. "Wanu mukusungira yani?"

Nachisale anatuluka, mpeni wosendera mbatata uli m'manja. Anauika pansi asanalankhule.

"Wapambana mlandu uti? Waweruza ndani?"

"Yaweruza nthawi, mayi," anayankha mlongo uja. "Inu mumayesa boma lilibe zochita zina?"

Gulu litapita, Zakeyu anati, "Zisiye, mkazi wanga. Anthu awa sitingalimbane nawo."

"Bambo a Tiyamike, dzanja munapereka kale. Akakhala wapampando, tiperekanso madzi. Ana adya chiyani, nthungululu?"

Lolemba Nachisale anakwera basi kupita kumzinda kumene kunali bwalo lalikulu. Sankadziwa mawu akuti apilo. Anakhala pabenchi tsiku lonse, n'kubweranso m'mawa mwake, mpaka kalaliki wina anamufunsa chimene ankafuna.

"Bambo, ndikufuna dzina la woweruza amene wati Yotamu Chikhasu alibe mlandu. Kwathu amuthira ufa. Ndikufuna ndimuone nkhope woweruzayo, andiuze kuti dzanja la amuna anga linagwa lokha."

Kalalikiyo anafufuza nthawi yaitali. Fayilo anaipeza pansi pa mulu, itadya fumbi. Munalibe chigamulo chatsopano. Loya uja, atangomutulutsa munthu wake, sanabweretsenso mapepala a apilo, ndipo palibe amene anamukumbutsa. Atafunsa kupolisi, kunapezeka kuti Yotamu anasiya kusayina chaka choyamba chomwe.

"Mayi," anatero kalalikiyo, "ufa umenewo anangowononga."

Loya wa boma atadziwitsidwa, mlandu unaitanidwa patangotha milungu itatu, chisankho chisanachitike. Yotamu anafika atavala jekete, a Fanuwelo ali pambuyo. Woweruza anamufunsa chifukwa chimene anasiyira kusayina.

"Ndimayesa zinatha, bwana. Kumudzi anati unaola."

"Anati chiyani?"

"Anati mlandu unaola, bwana."

"Chimaola ndi dzungu, bambo Chikhasu. Mlandu suola."

Anamulanda belo pomwepo. Apilo itamveka, bwalo linapeza kuti chigamulo choyamba chinali cholondola. Zaka zitatu zimene anakhala kunyumba sizinawerengedwe, ndipo Yotamu anabwerera kundende kukamaliza zaka zake zonse zotsala. Anthu a ku Mtalanje amene anali m'khoti tsikulo ndiwo anabwera nawo mawu a woweruza kumudzi.

Mlandu suola. Tanthauzo lake ndi lakuti cholakwa sichitha chifukwa papita nthawi, kapena chifukwa anthu aleka kuchinena. Wolakwa angayende momasuka, angaimire ndi maudindo, koma kufikira atayankha, mlandu uli moyo. Komabe musamve mwambiwu ngati wotonthoza basi. Ine chimandikwiyitsa n'chakuti panali anthu ophunzira ambiri amene ntchito yawo inali kukumbukira fayilo ija, koma amene anawakumbutsa ndi mayi wosadziwa ngakhale dzina la chimene ankafunsa. Zoona mlandu suola, koma ulibenso miyendo. Mukadzakula n'kukhala m'maofesi amenewo, musadzadikire kuti wolakwiridwa achite kubwera kudzakugogoderani.