Bambo Amene Anakana Thobwa pa Chinkhoswe

Panali munthu wina, mlimi wa mbatatesi, amene manja ake ankanjenjemera. Akakhala phee, manjawo ankakhalanso phee. Koma akangonyamula kapu kapena kufuna kumanga batani la malaya, ankayamba kugwedezeka. Malemu mayi ake nawonso anali choncho.

Munthuyu ankaopa kuti anthu azinena kuti ndi kachasu, chonsecho mowa sankaulawa n'komwe. Choncho analeka kudya ndi kumwa pagulu. Akamupatsa chakumwa, ankangoti, "Zikomo, ndakhuta."

Linafika tsiku la chinkhoswe cha mwana wake wamkazi. Akuchimuna anabwera ndi thobwa, ndipo amalume a mnyamata wofunsira mbeta anamutungira bamboyo kapu yodzaza. Iye anakana.

"Bambo," anatero amalumewo, "kodi mukuganiza kuti tathiramo kanthu? Ngati simutikhulupirira, nenani tizipita."

Bamboyo anayang'ana mwana wake, naona misozi ili lengelenge. Anatambasula dzanja, nalandira kapu ija pamaso pa onse. Thobwa linatayikira pajekete, pansapato, mpaka pachitenje cha mayi wina.

"Chimene ndimabisa ndi chimenechi," anatero.

Amalume aja anaseka mpaka kugwira nthiti. "Basi? Akazi anga kunyumba ndi chimodzimodzi! Tinapita nawo kuchipatala. Adokotala anati si mowa, si ufiti. Ndi vuto la m'mitsempha, ndipo limakonda kuyenda m'banja. Silitheratu, koma mankhwala amalichepetsa. Lero tiyi amatithirira okha."

Anamutungiranso thobwa, ulendo uno theka la kapu. "Gwirani ndi manja awiri, zigongono mutsamiritse pamawondo." Bamboyo anamwa mpaka kugugudiza, ndipo azimayi anaimba nthungululu.

Chinkhoswe chitatha bamboyo anapita kuchipatala. Anamupima kuti aone ngati si matenda ena, anamupatsa mankhwala, namulangiza kuti achepetse tiyi ndipo azigona mokwanira. Manja sanasiyiretu kunjenjemera. Koma paukwati wa mwana wake anadya pakati pa anthu, navina mpaka thukuta kamukamu.

Nanunso, abale anga, mukabisa vuto lanu, anthu amadzipangira okha tanthauzo, ndipo kawirikawiri limakhala loipa kuposa vutolo. Ngati dzanja lanu likunjenjemera, litulutseni m'thumba, mupite nalo kuchipatala. Ndipo mnzanu akamakana kumwa nanu, musathamangire kukwiya. Yambani mwamufunsa.