Nsapato Zosowa Pakhomo

Litatha pemphero la swala ya masana, Mwanaisha Chilungo anafika kunyumba kwa Mwalimu Abiti Mdala ku Ntaja atanyamula kope m'khwapa. Iye ndiye anali wapampando wa Nuru, gulu la atsikana a Chisilamu limene Mwalimuyo anayambitsa m'kachipinda ka madrasa, ndipo mwezi wotsatira gululo linkakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Anawapeza pakhonde akulumikiza chingwe cha patapata wa mwana ndi kawaya. Atapatsana salamu, Mwanaisha anatsegula kope lake.

"Mwalimu, zonse takonza. Nsalu ya chikondwerero yasindikizidwa. Atsikana adzaguba kuchokera pamsika, kudzakhala mpikisano wowerenga Korani, ndipo tidzabzala mitengo makumi awiri ndi isanu, umodzi pa chaka chilichonse. Taitana onse amene anadutsa mwa ife nachita bwino, anamwino, aphunzitsi, ngakhale uja ali ku banki. Chatsala ndi inu. Mudzakhale pampando wa mlendo wolemekezeka."

"Alihamudulilahi, mwagwira ntchito," anatero Mwalimu. "Mbuzi ya ndiwo nayonso mwaiuza?"

Mwanaisha anaseka pang'ono.

"Tandiwerengera oitanidwawo, mwananga. Maso anga anatopa."

Anawerenga. Mwalimu ankagwedeza mutu pa dzina lililonse, pena nkufunsa ngati wakutiwakuti anasiya kuyamwa chala. Koma atafika pakati pa tsamba, Mwanaisha anameza malovu nalumpha mzere umodzi.

"Pamenepo wapuma," anatero Mwalimu. "Pali ndani?"

Panali dzina lofufutidwa ndi cholembera mpaka pepala kubooka. Linali la Rukaya, mwana woyamba wa Mwanaisha, amene anasiya gulu ndi sukulu zaka ziwiri zapitazo atatenga pathupi, ndipo tsopano ankagulitsa tomato ku Liwonde ndi khanda kumsana.

"Ndinafufuta ndekha, Mwalimu, a komiti asanayankhule. Ndine wapampando. Ndidzaima bwanji pamaso pa makolo kunena kuti gulu lathu limasunga atsikana, wanga yemwe ali pomwepo ndi mwana wobadwa popanda ukwati wa nikahi? Adzaloza zala." Anapitiriza motsitsa mawu. "Sabata yatha anandiimbira foni. Anangofunsa kuti nsaluyo ndi ya mtundu wanji. Ndinamuuza kuti ndi yobiriwira, nkudula. Ndiuzeni, ndalakwa?"

Mwalimu anapinda kawaya kaja, nayesa chingwe ndi chala ngati chalimba.

"Ukukumbukira chaka choyamba chija? Tinalipo asanu ndi atatu."

"Ndikukumbukira."

"Ine ndinalibe kope ngati lakoli. Ndinkangoona nsapato zovulidwa pakhomo, nkudziwa amene wabwera ndi amene sanabwere. Koma tsiku lililonse nsapato zinkakhala za anthu asanu ndi awiri, pamene m'kati tinali asanu ndi atatu. Panali kamtsikana kena kamene kankafika anzake asanafike ndi kutuluka onse atapita. Kankati kakusesa."

Mwanaisha anawerama. Chipinda chija ankachikonda chifukwa m'kati mwake aliyense ankakhala wopanda nsapato, ndipo palibe ankadziwa kuti iye wayenda pansi kuchokera kwawo. Anakumbukiranso tsiku limene anatuluka womaliza napeza patapata wofiira pakhomo, atayang'anitsidwa kunja ngati wodikira mwini wake. Anamusiya masiku atatu, poopa kutchedwa wakuba. Tsiku lachinayi anamuvala, ndipo anamukwana ndendende.

"Munali inu?"

"Ndinayeza phazi lako pafumbi ndi kaudzu," anatero Mwalimu. "Unali ndi phazi ngati khasu."

Mwanaisha anaseka, misozi ili mbwembwembwe, napukuta ndi nsonga ya mpango wake.

"Komatu, Mwalimu, ine kwanga kunali kusauka chabe. Rukaya anachimwa."

"Anachimwa, ndipo za tchimo lake akambirana ndi Mulungu wake, amene ali wachifundo kuposa iwe ndi ine. Ife sitinatsegule chipinda chija kuti tiziweruza milandu. Tinatsegula kuti mtsikana akhale ndi pofikira. Mwana amene wafunsa mtundu wa nsalu, mwananga, waima kale pakhomo. Akungoona ngati muli malo."

"Nanga anthu?"

"Anthu adzalankhula mpaka mpunga utafika."

Mwalimu anaika patapata uja pambali, naloza kope.

"Dzinalo ulilembenso, ndipo kalata yake usatumize munthu, ukapereke ndi dzanja lako pamodzi ndi nsalu yake. Ukafufuzenso ena amene anasowa m'zaka zonsezi, okwatiwa msanga, osiyira panjira, odwala. Mitengo bzalani, gubani, phikani, zonsezo ndi zabwino."

"Ndipo mpando wanu uja?"

"Mpandowo mupatse wa ku banki, amaudziwa kukhala kwake. Ine mudzandiyalire mkeka pakhomo pomwe anthu amavulira nsapato. Amene anachita bwino adzalowa okha, safuna wowagwira dzanja. Koma padzafika wina amene adzaime pamenepo, nsapato imodzi atavula ina asanavule, akuganiza zobwerera. Ameneyo ayenera kupeza munthu womudziwa dzina. Ndidzamulandira khandalo, iye alowe. Tsiku limenelo usadzawerenge zaka, Mwanaisha. Udzatuluke panja, udzaone nsapato, ndipo za Rukaya zikadzakhalapo, udzadziwe kuti chikondwerero chayamba."