Ntchuwa Yosatha ya pa Thanthwe la Tidzamaliza

Kale kwambiri, mitengo ya mbawa ya kumanda kwathu isanamere, makolo athu a mfunda wa a Mbewe ankakhala kutali kumadzulo, ndipo chimene chinawachotsa kumeneko si nkhondo ayi, koma chilala chimene chinaumitsa ngakhale zitsime za m'madambo. Nkhaniyi ndinaimva kwa amalume anga, malemu a Chakhaza, amene nawonso anaimva kwa amalume awo, ndipo ndineneretu kuti wolakwa m'nkhaniyi ndi munthu amene ine ndinalowa dzina lake.

Amene anatsogolera ulendowo anali Mlongoti, mwana woyamba wa mayi Nambewe, pamodzi ndi mng'ono wake Dzimwe ndi mlongo wawo Mwatitha, amene anabala mbumba yathu yonse. Mlongoti sanatchuke ndi mkondo. Anatchuka ndi ntchuwa, masewera aja oyendetsa miyala m'timaenje, pakuti paliponse pamene anthu atula katundu iye ankakumba timaenje n'kuyamba kusewera, kuti otopa ndi anjala aiwaleko mavuto a m'njira.

Atayenda nyengo yaitali anafika patsinde pa phiri la Kasendeza, napeza dziwe la madzi ozizira pansi pa thanthwe lalikulu. Koma dziwelo linali ndi eni ake, a mfunda wa a Linde, ndipo wolisunga anali mayi wina wamtali, wolankhula mosaopa, dzina lake Nalinde. Madziwo ankaoneka ochepa kwa mitundu iwiri, motero amuna a mbali zonse anayamba kunola mikondo.

Nalinde anaima pakati pawo nati, "Alendo, ndamva kuti inu njala mumaiiwalira m'timaenje. Ikani mikondo pansi, tisewere. Wodyedwa miyala yonse asamuke ndi anthu ake."

"Mayi, mwasankha pamene pali mphamvu zanga," anayankha Mlongoti.

"Enanso ananena choncho. Pano akumwa madzi amatope kuseri kwa phiriko."

Pamenepo Nalinde anaponda thanthwe ndi chidendene, mwalawo unalowa ngati dothi lonyowa, ndipo anapondaponda mpaka mizere inayi ya timaenje inakwana.

Anasewera masiku ambiri, poti onse awiri anali akatswiri. M'masiku amenewo a Linde sanalole kuti alendo aonerere ndi njala. Ankabwera ndi thobwa la mapira ndi maungu ophika, ndipo ana a mbali zonse ankadyera m'lichero limodzi. Tsono linafika tsiku limene Nalinde anatsala ndi miyala yochepa pa malo oipa, moti aliyense anaona kuti Mlongoti akangoyendetsa dzanja kamodzi, zonse zatha. Mlongoti anatambasula dzanjalo, koma maso ake anagwa pa ana aja ali kulimbirana dzungu, kenaka pa manda a a Linde amene ankaonekera kutsidya kwa dziwe. Anabweza dzanja nalipinda pachifuwa.

"Mayi, msana wandipweteka. Tidzamaliza mawa."

Nalinde anamuyang'ana, nati, "Msana wa mlendo sitiukakamiza."

Mawa lake Mlongoti anati mutu, mkuja anati kulima kwayandikira, ndipo miyala ija inakhala pomwepo osakhudzidwa. Mvula inagwa, anthu anadzala, anakolola, anayamba kukwatirana, ndipo dziwe limene ankaliyesa laling'ono linakwanira onse.

Dzimwe yekha ndiye sanakondwe, chifukwa madimba achonde a m'mphepete mwa dziwe anali a a Linde, pamene iye ankalima m'miyala. Chaka china, pa chikondwerero cha masika, mowa utamulowa, anakwera pathanthwe anthu onse akuona.

"Akulu anga, msana wanuwo sukupola kodi? Ine wanga uli bwino."

Anthu asanamugwire, anayendetsa miyala ya mkulu wake, nadya yonse ya Nalinde, naimanga m'nsalu yake.

Nalinde sanakangane. Anati mawu ake ndi amodzi, nauza anthu ake kuti amange katundu. Koma iwo atangopotoloka kuseri kwa phiri, madzi a m'dziwe anayamba kutsika ngati a mu mtsuko wosweka, achule anatuluka n'kulondola mapazi a a Linde, ndipo dzuwa lisanapendeke pansi pa dziwe panali ming'alu yokhayokha.

Mlongoti sanamenye mng'ono wakeyo. Anangoti, "Mphwanga, miyala ili m'nsalu mwako. Njira ukuiona."

Dzimwe anathamanga, nawapeza akupuma pamtsinje wouma, ndipo anagwada n'kuyamba kupepesa chapansipansi.

"Mukunong'ona?" anafunsa Nalinde. "Miyala yanga munadya anthu akuona, ng'oma zikulira. Tiyeni komweko."

Anabwerera onse kuthanthwe. Dzimwe anabwezera mwala uliwonse m'kaenje kake, napepesa mokweza mpaka phiri linabweza mawu ake. Nalinde anagamula kuti dzanja limene linadya silinali la amene ankasewera naye, choncho ntchuwa inali isanathe. Atangotero, madzi anatumphuka pansi pa thanthwe, ndipo chiyambire tsiku limenelo dziwelo silinaphwepo.

Lero thanthwe limenelo timalitcha Tidzamaliza. Timaenje tija tilipo, ndipo wopondamo amaona yekha kuti n'chidendene cha munthu. Chaka chilichonse tikakolola, a Mbewe ndi a Linde timasonkhana pamenepo, ngakhale ana athu a m'tauni amabwera pa minibasi. Pamakhala thobwa la mapira, maungu m'malichero, nzimbe ndi gule wa chimtali, ndipo ntchuwa imaseweredwa pansi ponseponse, anthu n'kumadyana mopanda chisoni. Ya pathanthwe yokha siikhudzidwa. Ndipo palibe amene amalawa kanthu wolowa dzina la Dzimwe asanagwade.

Chaka chino mawondo anandivuta, ndiye ndinafuna kungowerama. Amayi amene analowa dzina la Nalinde anaseka nati, "A Dzimwe, gwadani ndithu. Kapena nanunso ndi msana?"

Ndinagwada pamwala wotenthawo, ndipo ndinanena mokweza monga ananenera mwini dzina: "Mayi, ndinadya miyala nthawi yake isanakwane, ndi dzanja losatumidwa. Ndabweza yonse. Pepani, khalani, timwe limodzi."