Yotamu Wogwira Ntchito ya Kufa

Kalekale, agogo anu asanamere mano, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, Yotamu Chimkwende, mchimwene wa agogo anga. Anasiya mkazi wake Nangondo, ulendo wa ku Joni. Ku Joni sitima yapamadzi, mpaka ku Amereka! Kumeneko anapeza ntchito yanji? Ntchito ya kufa!

Musaseke. M'mafilimu. Mwini nkhani ndi mzungu wachipewa, Yotamu wosenza katundu kumbuyo. Akangoyenda mapazi atatu, mkondo pyoo! Yotamu khuu! Mawa mkango. Mkuja ng'ona. Anafa kamakumi anayi, dzina lake osalembedwa ngakhale kamodzi.

Kalata sankatha kulemba. Ndiye tsiku lina bwana wa filimu akuti, "Iwe, usanagwe ukuwe chilichonse m'chinenero chako." Yotamu anati mwayi ndi umenewu. Anayang'ana m'diso la makina ojambulira: "Nangondo! Ndidikire, ndili moyo ineee!" Mkondo pachifuwa. Khuu!

Filimuyo inafika pa boma, mudzi wonse unapita kukaonera. Nangondo atamva dzina lake anagwada, nayankha, "Wawa!" Podzutsa maso, mwamuna wake ali gone, mkondo uli njo.

Akuluakulu anati, "Munthu wafa tonse tikupenya." Popeza mtembo panalibe, anadula thunthu la nthochi, kulikulunga mumphasa, kuliika m'manda. Anthu anameta. Nangondo anamusudzula, nakwatiwa ndi a Lifeyo osema mitondo.

Zaka khumi zitatha, Yotamu tulukiru! Suti, nsapato zakwichikwichi, m'manja muli nsalu ya mkazi wake.

"Odi, Nangondo!"

Nangondo anaponya mtsuko. "Bwererani kumanda, bambo, chonde! Tinakulirani bwinobwino, mukufunanso chiyani?"

"Aja ndi masewera, mkazi wanga! Ndikuonetseni?"

Anagwira pachifuwa, maso tuzu, lilime panja, miyendo kuphiriphitha, khuu! Kenako nyamu, akuseka. Abale inu, mudzi wonse balala! Nkhuku, mbuzi, a Lifeyo patsogolo ndi sompho yawo! Munthu womafa n'kumadzuka mwakufuna kwake, inu mungamutche chiyani? Mungamupatse moni wapamanja?

Yotamu anakamanga kachisakasa kudambo, yekhayekha. Nsalu ija anakaisiya pakhomo pa Nangondo, eni nyumba anaitola ndi mtengo n'kuitentha. Nangondo akamuona patali ankasintha njira, akulira.

Tsiku limene anagwa zenizeni, panjira ya kuchitsime, anthu ankangomulambalala. "Musiyeni, adzuka ameneyo." Tsiku loyamba. Lachiwiri. Lachitatu anawauza ndi ntchentche. Akuluakulu anati maliro ake analira kale. Anamukwirira anthu anayi, popanda nyimbo, popanda wometa.

N'chifukwa chake kwathu kuno, ngakhale uthenga ubwere ndi ndani, lumo silikhudza mutu mpaka wina atagwira phazi la malemu n'kumva kuzizira kwake. Ndipo munthu akagwa panjira, kaya ndi chidakwa, kaya ndi wamasewera, timawerama n'kumuitana dzina.